Bwanji matimu akuluakulu a ku Blantyre alibe mtundu m'dzina?

WaNdirande: Anzanga, tinatsutsana potuluka pa Kamuzu Stadium. Blue Eagles, Red Lions, Silver Strikers, onsewa ali ndi mtundu m'dzina. Nanga ife Maule, a Big Bullets, kufiira konseku, dzina lathu lilibe bwanji?

NomaWaChilomoni: Achimwene, Blue Eagles ndi apolisi a ku Lilongwe, Red Lions ndi asilikali a ku Zomba. Anthu a yunifomu amazikonda zimenezi. Ku Zambia nakonso Green Buffaloes ndi Red Arrows, asilikali okhaokha.

MayiWaBangwe: Ine Silver ndiye imandiseketsa. Timu ya Reserve Bank, dzina la siliva, koma jezi yabuluu, pang'ono kufanana ndi Manoma, a Mighty Wanderers.

WaNdirande: Mayi, Manoma musawatchule pano chonde. Ine ndafunsa za Maule.