Zaka 57 ndipo ndikufuna kuphunzira scuba, kodi ndachedwa?

NaPhiri wa ku Chilomoni:
Abale musandiseke. Ndinapuma pantchito yauphunzitsi chaka chatha. Pa Khirisimasi ana ananditengera ku Cape Maclear, mdzukulu wanga n'kundiveka magalasi aja oonera pansi pa madzi, pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Mayo ine! Tinsomba ta mbuna tabuluu, tina tachikasu, tikubwera mpaka kudzandijompha zala. Chibwerereni mtima sukukhazikika, ndikufuna kutsika pansi penipeni ndi botolo la mpweya kumsana ngati mmene ndinaonera ena akuchitira, kuja amati scuba.

Koma kusambira komwe ndimadziwa n'kwa kumtsinje kwathu ku Mulanje, kuja kophiriphitha ndi miyendo, komanso ndimamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Bambo akunyumba akuti ukalamba wandilowa m'mutu. Alipo anaphunzira atakula kale?

Mkulu wa ku Limbe:
Amayi, ine ndinaphunzira ndili ndi zaka 52, ku Nkhata Bay. Kosi yoyamba, yotchedwa Open Water, ya bungwe lophunzitsa scuba la PADI, imatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo mukamaliza mumaloledwa kutsika mpaka mamita 18. Adzakuuzani musambire mamita 200 osaima, kasambiridwe kalikonse, palibe wokuwerengerani nthawi, kenako muyandame mphindi 10. Ndiye kusambira kwa ku Mulanjeko kakuwongoleni kaye padziwe losambiramo konkuno m'tauni.

Mphamvu sizinandivute ayi, m'madzi botolo lija silimveka kulemera. Chomwe chinandichititsa manyazi n'kuvula magalasi uli pansi n'kuwavalanso. Madzi atangondikhudza mphuno ndinathawira pamwamba ngati ndaona ng'ona, kawiri konse. Wotiphunzitsa anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba, ndipo anangondigwira paphewa n'kuti, "Bambo, tiyeni tibwerezenso." Kachitatu ndinatseka maso, ndikupuma pakamwa pang'onopang'ono, n'kupeza kuti mpweya ukubwerabe bwinobwino ngakhale nkhope yonse ili m'madzi. Kuyambira pamenepo mantha anatha.

Makutu nawonso. Mamita oyambirira ndiwo ovuta. Mumatsina mphuno n'kuuzira pang'ono mukamatsika, osadikira kuti makutu ayambe kupweteka. Muli ndi chimfine musalowe.

Namwino wa ku Ndirande:
Mayi, za BP zo musazibise pa fomu yomwe adzakupatseni, ngakhale mtima ukufunitsitsa chotani. Amene amamwa mankhwala a BP amafunika kusainiridwa ndi dokotala kaye. Ambiri amaloledwa ngati BP yawo ikukhala m'malo mwake, koma alole ndi dokotala atakupimani mtima, osati ife pano.

Lamulo lomwe adzakubwerezerani mpaka mutatopa nalo: osagwira mpweya m'chifuwa. Pa mamita 10 madzi amakupanikizani kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda, ndiye mpweya womwe mwapuma pansipo umafufuma mukamakwera. Mukaugwira ungakuvulazeni mapapo.

China chomwe anthu a kuno amaiwala: nyanja ili m'munsi, pa mamita osafika 500, pomwe Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000. Kukwera kumtunda msanga mutangochoka pansi pa madzi n'koopsa, ndiye musatuluke m'madzi masana n'kukwera galimoto yobwerera madzulo omwewo. Gonani konko. Okwera ndege amauzidwa kudikira maola 18 akatsika kangapo, ndiye funsani wokuphunzitsani kuti inu a pamsewu mudikire nthawi yaitali bwanji. Likodzonso liliko ku Cape Maclear, pakapita milungu ingapo mukayezetse, mankhwala ake ndi praziquantel.

Chembe Boy:
Agogo bwerani, koma osati June kapena July, mwera umakhala utavuta ndipo madzi amazizira. September mpaka November nyanja imakhala bata. Yambani ndi ya tsiku limodzi ija yongolawa musanalipire kosi yonse. Mukadzaona mbuna yaikazi ikulavula tiana take n'kutimezanso m'kamwa mukangoyandikira, mudzandiuza.

NaPhiri wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Amayi a ku Ndirande, mwandigwira, ndimati za BP zo ndingodumpha pa fomupo. Lachiwiri ndikaonana ndi adokotala. Bambo akunyumba ndawawerengera zonsezi, angoti kukamwa yasa, kenako akufunsa ngati m'boti mumakhala malo a munthu wongoperekeza.