Kudzisindikizira buku la nthano uku ndikudwala komanso ndili pa ntchito

Kalaliki wa ku Limbe:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadzisindikizirapo mabuku. Ndamaliza kulemba nthano yaitali m'Chichewa, koma ndimadwala matenda a shuga, moti ndikaweruka kuntchito thupi limakhala litafooka ndipo maso sandilola kuyang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. Anzanga akuti nditenge ngongole ku banki mkhonde kuti ndisindikize makope ambiri nthawi imodzi, poti mtengo wa kope limodzi umatsika. Kodi ndiyambire pati kuti bukuli lituluke popanda kutaya ntchito kapena kudzipweteka?

Mkonzi wopuma wa ku Zomba:
Mayi, ngongoleyo muyambe mwaisiya. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusindikiza kwakwera mtengo kwambiri. Komabe chimene chimatopetsa munthu wodzisindikizira si makina ayi, koma kugulitsa. Masitolo ambiri a mabuku amalandira makope n'kudzalipira akagulitsa, ndiye inu muzinyamula makatoni, kukwera minibasi, kubwererako kukafunsa ndalama zanu, pamene anzanu a banki mkhonde akufuna chiwongoladzanja chawo mwezi ndi mwezi. Kwa munthu wa shuga amene ayenera kudya ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake, umenewo ndi mtolo wolemera.

Ndalama yoyamba ipite kwa mkonzi wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, chifukwa mlembi saona zolakwa zake, makamaka akamawerenga atatopa. Mukatero mukafunse nambala ya ISBN, yomwe imasiyanitsa buku lanu ndi mabuku ena onse, ku National Archives kuno ku Zomba, komwe lamulo limafunanso kuti musiyeko kope la bukulo likatuluka, ndipo mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolembalemba ndi zaluso zina, kuti umwini wanu udziwike.

Bambo wa ku Area 25:
Ine ndilankhulako za thupi, poti ndili ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Lamulo la ntchito la 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi ufulu wopuma akadwala, masabata 4 akulandira malipiro onse ndi masabata 8 akulandira theka pa chaka, bola akhale ndi kalata ya dokotala. Masiku amenewa muwasunge kuti akuthandizeni matenda akakula, osawathera pa za bukuli, pakuti abwana akadzakuonani kwa osindikiza tsiku limene munati muli kuchipatala, sadzakukhulupiriraninso. Za masozo, muuze adokotala pa tsiku la kiliniki, chifukwa shuga amawononga maso pang'onopang'ono. Pokonza nthanoyo, wina azikuwerengerani mokweza inu mukumvetsera.

Mlembi wa ku Johannesburg:
Ndikugwirizana ndi amkonzi pa za ngongole, koma makope akachepetsetsa mtengo wake umakwera mpaka owerenga kulephera kugula. Njira ya pakati ndiyo kulengeza bukulo lisanatuluke, anthu n'kulipiriratu pa Airtel Money kapena Mpamba, inu n'kusindikiza molingana ndi amene alipira, kuwonjezerapo ochepa a tsiku lokhazikitsa bukulo. Chenjezo langa ndi lakuti musalonjeze tsiku lenileni, chifukwa thupi likakana mudzakhala ndi ngongole ina, ya anthu okudziwani. Musatumizenso bukulo ngati PDF pa WhatsApp, ngakhale kwa achibale, poti likalowa m'gulu limodzi lafika paliponse ndipo wogula sapezekanso.

Kalaliki wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri nonse. Ngongole ndaisiya, ndipo mwana wa achemwali anga wavomera kuti azindiwerengera mutu umodzi Loweruka lililonse. Amkonzi a ku Zomba, kodi akonzi amalipiritsa pa tsamba kapena pa buku lonse, ndipo amavomera kulipidwa pang'onopang'ono mwezi ukatha?