Zotupa za m'chiberekero: kodi njira ndi opaleshoni yokha?

Nabanda: Akuluakulu, thandizeni. Mayi wa zaka 36, sikani yaonetsa ma fibroids (zotupa za m'chiberekero) atatu, chotupa chachikulu masentimita 6. Msambo umatenga masiku 8, ndi mibulu ya magazi yomwe. Akufunabe mwana. Kodi chiberekero chichotsedwe basi?

Anamwino: Ayi mayi, asathamangire kumeneko. Zotupazi si khansa, ndipo zimafota mayi akasiya kusamba. Choyamba ayezetse magazi. Hb (muyeso wa kuchuluka kwa magazi m'thupi) ikatsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa. Amwe ferrous sulphate (mapiritsi a ayironi owonjezera magazi), apitirize miyezi itatu ngakhale magazi atabwerera. Asamwere tiyi, amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Chimbudzi chikada asaope. Pochepetsa kutaya magazi, adokotala amalemba tranexamic acid, 1g katatu pa tsiku, masiku anayi okha a msambo. Amene magazi anawaundanapo m'mitsempha asamwe. Mankhwalawa sachepetsa chotupa, dziwani zimenezo.

Achisale: Chofunika kwambiri si kukula kwa chotupa koma pomwe chakhala. Chomera mkati, momwe mwana amakhalamo, ngakhale chikhale chaching'ono, chimatayitsa magazi ambiri ndipo chimachititsa kupita padera. Chakunja kwa chiberekero chikakula chimatha kupanikiza chikhodzodzo, mayi n'kumakodza pafupipafupi. Afunse adokotala kuti sikaniyo yaonetsa chiyani pamenepa.

Kwa wofuna mwana, opaleshoni yake ndi myomectomy: amachotsa zotupa, chiberekero n'kutsala. Vuto lake ndi kutaya magazi ali pa tebulo, n'chifukwa chake amayamba akweza Hb ndi kukonzeratu magazi owonjezera. Pafomu amasainitsanso kuti magazi akakana kusiya chiberekero chichotsedwa. Awerenge bwinobwino asanasaine. Pambuyo pake adikire miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi asanatenge pakati, ndipo ngati anacheka mozama adzabereka mwa opaleshoni, poopa kuti chipsera chingang'ambike. Zotupa zina zimameranso. Jakisoni wa goserelin, 3.6mg masiku 28 aliwonse, amazifotetsa pokonzekera opaleshoni, koma sapitirira miyezi isanu ndi umodzi chifukwa amafewetsa mafupa, ndipo akasiya zimakulanso.

Anamwino: Ndiwonjezere, Achisale. Ngati mwanayo sakumufuna pakali pano, lupu ya mahomoni (Mirena) imachepetsa msambo kwambiri, koma chotupa chikapotoza mkati mwa chiberekero imatha kutuluka. Lupu ya kopa ayi ndithu, imawonjezera kutaya magazi pa msambo. Akayamba chizungulire, befu, kapena pedi kudzaza ola lililonse, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire tsiku la kiliniki.