Za ka newt kanga kaja kamangoyandama

Abale ndabweranso ndi nkhani ya ka newt kanga kamimba yofiira kochokera ku China kaja (kanyama kooneka ngati buluzi koma kokhala m'madzi), ndinafunsa masabata awiri apitawo kuti bwanji kakungoyandama chammbali pamwamba pa madzi, kakati kamire kumchira kukubwerera mmwamba, chakudyanso kakukana.

Amene munati vuto ndi kutentha munalasa ndithu. Nditapeza thermometer madzi anali pa madigiri 27 Celsius, pomwe tinyama timeneti timafuna madzi ozizira, asamapitirire 20 kwenikweni, ndiye kuno ku Mulanje Okutobala uyu dzuwa likuswa mtengo, nyumba yamalata, thanki ili pawindo, kanali kakupsa ine osadziwa. Ndinakasamutsira mu beseni pansi pasimenti kuchipinda kwamthunzi, madzi ochepa oti timiyendo tizigunda pansi kasamavutike kupalasa, pambali botolo la madzi oundana. Magetsi akazima ndimathira a mumtsuko ogonetsa kuti chlorine achoke. Timiyala ting'onoting'ono ndinachotsa tonse poti kamatha kumeza pamodzi ndi chakudya n'kutsekeka m'mimba.

Masiku 4 sindinakapatse kanthu, mtima unkandiwawa zedi. Tsiku lachisanu ndinapeza kachita chimbudzi, madzulo ake kali phee pansi pa beseni kakuyenda bwinobwino. Dzulo ndinakumba nyongolotsi kuseri kwa nthochi komwe sitithira mankhwala, kuidula tizidutswa, kanayang'anitsitsa kaye mutu uli chopendama kenako khwaa kumeza tiwiri.

Ma pellet (timibulu ta chakudya chogula) kakuwakanabe, ndipo kamimba kakadali kotupa pang'ono mbali yakumanzere. Alipo anaziwonapo zimenezi? Ndidikire kaye kapena ndichite chani?