Kamera, cholembera ndi penti: ndisiye ziti kuti ndizipeza chakudya?

Wa ku Chirimba:

Moni nonse. Ndili ndi zaka 26, ndimakhala ku Chirimba kwa makolo. Chaka chatha ndinasiya ntchito m'shopu ina yosindikiza mapepala ku Limbe kuti ndiyime pandekha. Ndili ndi kamera ya Canon 600D yogula kwa munthu, lenzi imodzi ya 50mm, ndi laputopu yomwe imatentha kwambiri ndikamakonza vidiyo yaitali. Loweruka ndimajambula zinkhoswe ndi maukwati, mkati mwa sabata timavidiyo ta makwaya, usiku ndimalemba nkhani zifupizifupi. Penti ndiye ndinayamba naye ndili ku pulayimale, koma pano maburashi angouma m'chitini.

Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala foni imalira. Ikafika Januwale, zii mpaka Malichi. Chandipweteka kwambiri ndi ukwati wina wa ku Lunzu. Ndinaimirira kuyambira 7 koloko m'mawa kutchalitchi mpaka perekaniperekani kutha, zithunzi ndinapereka zonse, koma theka la ndalama mpaka lero akungoti mawa. Bambo anga dzulo anandiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, nanga iwe uli ndi anayi? Mawuwo sanandigonetse. Inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi, ndisankhe chimodzi, kapena zinayi zonsezi zingadyetse munthu?

Mayi wa ku Area 25:

Achimwene, za ku Lunzuzo tonse tinadutsamo. Patsiku la ukwati ndalama zimakhala zili m'lichero, likangodutsa tsikulo aliyense wabwerera ku ngongole zake. Ine tsiku sindilisunga popanda theka, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo zotsalazo zimalowa ndisanapereke flash disk ya zithunzi. Amene wakana theka ndimamusiya apite, ngakhale akhale wa kumpingo kwathu.

Koma ndikufuna ndikhalitse pa kulembako, chifukwa mwakutchula ngati kanthu kausiku chabe. Ine ndi kumene kunandichotsa pa maukwati okhaokha. Mabungwe akamatumiza munthu kumudzi safuna chithunzi chokha, amafuna nkhani yoti aike mu lipoti, kavidiyo ka mphindi ziwiri, ndi mawu a Chichewa omasuliridwa bwino m'Chingerezi. Ojambula bwino tilipo ambiri mu Lilongwe muno, koma woti akhale pamphasa ndi mayi, amumvetsere, kenako alembe ndime zitatu zomveka, ndi osowa. Ndikukumbukira ku Ntchisi, pa mjigo wina. Mayi wina sankafuna n'komwe kuyang'ana kamera. Ndinaiika m'chikwama, ndinamuthandiza kusenza ndowa, tinacheza za mwana wake wodwala m'mimba. Chithunzi ndinajambula titafika kale pakhomo, iye akupukuta manja pachitenje, atavomera yekha ndi kusayina fomu. Nkhani ija ndi imene inandibweretsera ntchito zina zitatu.

Ndiye musagulitse zinthu zinayi, gulitsani ulendo umodzi: zithunzi, vidiyo ndi nkhani pa mtengo umodzi. Pitaninso ku MRA mukatenge TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, chifukwa mabungwe salipira munthu wopanda pepala. Amadula msonkho asanakulipireni, ndiye muzikumbukira kupempha satifiketi yake.

Mkulu wa penti, Dedza:

Mwana wanga, mayiwa anena zoona, koma bambo akonso usawatsutse msanga. Zitatu zija zimayendera limodzi chifukwa zonse zimatuluka m'kamera ndi laputopu. Penti ndi wina. Safuna munthu wothamanga. Ukamupatsa zotsalira za nthawi, naye amakupatsa zotsalira, ndipo ungoyamba kupenta asodzi ndi dzuwa lolowa ngati aliyense wa m'mbali mwa msewu.

Ine maso anga anatsegukira ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ndinaona osema akukhala pa mtengo umodzi masabata, osayang'ana wotchi. Ukapita kumeneko ukalowenso mu nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, ukaone zigoba za Gule Wamkulu, udzadziwa kuti zojambula kwathu kuno sizinathe.

Miyezi itatu ukuidandaulayo ndiyo ya penti. Mvula ikamagwa, maukwati atachepa, tseka chitseko. Koma kuti uthe kutero, uzichotsa kangachepe pa ukwati uliwonse wa chilimwe, kakhale ufa wa Febuluwale. Zomwe wapenta nthawi ya dzinja ndi zimene udzanyamule alendo akayamba kubwera, kapena pa zikondwerero monga Tumaini ya ku Dzaleka.

China chimodzi. Ndinaonapo chithunzi changa chitasindikizidwa pa kalendala ya kampani ina, dzina langa atalidula m'munsi. Ndinalibe pepala lililonse, ndinangomeza malovu. Pali lamulo la Copyright la 2016, ndipo COSOMA, yoteteza umwini wa ntchito zaluso, ilipo kuyambira 1992. Anthu amaiona ngati ya oyimba okha, koma olemba ndi ojambula nafenso ndi yathu. Kalembetse, ndipo aliyense wogula ntchito yako muzilemberana kuti waigulira chiyani, ya pakhoma kapena yosindikiza.

Mnyamata wa vidiyo, Mzuzu:

Aise, ine ndingonena za zida. Usathamangire kugula kamera ina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya malenzi inathawa, ambirife tinayamba kubwerekana. Ukapeza ntchito yaikulu, chita hayala kamera ndi maiki kwa mnzako, mtengowo uulowetse mu quotation. Choyamba kugula ndi hard drive yachiwiri. Yanga inafa magetsi atazima ndili mkati mokopera chinkhoswe chonse, memory card nditafufuta kale. Kupita kukauza banja lija kuti palibe chotsala ndi chinthu chomwe sindifuna chidzakuonekere. Pano card sindifufuta mpaka ntchito ili malo awiri. Komanso pa vidiyo anthu amakhululuka chithunzi chakuda pang'ono, koma mawu a mphepo ayi, ndiye ka maiki ka pakolala kakhale kachiwiri kugula.

Wa ku Chirimba:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Dedza, mawu anu ndawawerengera bambo anga, angogwedeza mutu n'kunena kuti Januwale tidzaone. Maburashi ndawaviika kale. Pali chinkhoswe cha ku Machinjiri mwezi wamawa, ndawauza za theka ndipo atumiza madzulo ano, sanadandaule n'komwe.

Mayi a ku Area 25, ndikufunseni chimodzi. Ndilibe nkhani ya kumudzi yoti ndionetse bungwe. Agogo anga ku Chiradzulu amaumba mbiya, ndipo ndikuganiza zokakhala nawo masiku atatu, ndijambule kuyambira kokumba dongo mpaka kowotcha, ndilembe ndi nkhani yawo. Kodi yoteroyo ingakwane kuyambira, kapena amafuna yokhudza ntchito za chitukuko zokhazokha?