Bollard pull ikungovina, ndilembe nambala iti?

Makaniko wa ku Luwinga: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndangomaliza ovaholo ya injini ya 250 hp (mahosipawa) m'boti lachitsulo ku Nkhata Bay. Mwiniwake akufuna lizikoka pantoni ya simenti kupita ku Likoma, ndiye akuti ndimulembere papepala bollard pull, kutanthauza mphamvu imene boti limakoka nayo litamangidwa pamalo amodzi. Dzulo ndinatsikira konko ndi sikelo ya kireni ya matani 5, chingwe cha mamita 15, kumanga pa jeti. Kuponda moto nambala ikungovina, 1.4, 2.6, kenako 1.8. Ndilembe iti? Dizilo wapita kale wambiri.

Madala a ku Katoto: Mukudzivutitsiranji achimwene? Ma hp 100 amakoka tani imodzi. Lembani 2.5 mukapume.

Injiniya wa pa doko: Ayi madala, masamu amenewo ndi ongoyerekeza, sadziwa ngati propela ndi yodyeka kapena giyabokosi ndi ya boti lothamanga. Achimwene, chingwe chanucho chafupika. Madzi amene propela ikukankha akumenya jeti n'kubwerera, ndiye ikupalasa thovu. Talikitsani chingwe, boti likhale pakuya, pasakhale mafunde. Kwezani moto pang'onopang'ono, mugwire pamenepo mphindi 5, muzilemba nambala pafupipafupi n'kutenga ya pakati. 2.6 ija ndi ya kugwedeza chabe. Onaninso ngati sikelo ili pa kN (makilonyutoni) osati matani, poti tani imodzi ndi 9.81 kN.

Kaputeni wopuma: Mwana wanga, poyesapo munthu asayime pamzere wa chingwe. Ine ndinaona cha nayiloni chikuduka tikukoka pantoni, chinabwerera ngati chikwapu, mnyamata wathu mwendo mpaka lero amatsimphina. Komanso mwamanga pati? Chitsulo cha pa jeti chimazuka.

Madala a ku Katoto: Ife takoka zaka zambiri opanda sikelo. 2.5.

Kaputeni wopuma: Sikelo imayeza boti litaima padoko, madala. Pakati pa nyanja mwera ukauka mu Julayi ndi nkhani ina. Pantoni ikakupitirira n'kukokera chingwe m'mbali, boti limapendama n'kugubuduka musanakuwe n'komwe. Mbedza yomasula msanga ilipo? Ngati palibe, nkhwangwa izikhala pafupi. Nyanja iyi inameza Viphya mu 1946, sitima yeniyeni.

Injiniya wa pa doko: Ndipo pepalalo mukasaina ndinu, tsiku la ngozi adzafuna inuyo. Sikeloyo inayesedwa liti? Itanani a Marine, a boma oyang'anira za maboti, adzaonerere.

Makaniko wa ku Luwinga: Sikelo ndinabwereka, za kuyesedwa sindinafunse. Chingwe chachitali ndichipeza kuti Mzuzu muno?

Madala a ku Katoto: Mudzayeza, mudzapeza 2.5 yomweyo.