Gulu latsopano la Heathenry: tiyambe ndi maphwando ati?

Kalulu wa ku Leeds

Abale, tilipo anthu 7 kumpoto kwa England kuno amene tikutsata chipembedzo cha milungu yakale ya ku Scandinavia, ya Odin, Thor ndi Freyja ija. Tikufuna tizikumana maso ndi maso, osati pa WhatsApp pokha. Makalendala amene tikuwaona akusiyana, ena ali ndi masiku a maphwando 8 pachaka, ena 12. Tiyambe ndi ati? Nanga blót (mwambo wothira nsembe) yoyamba tiikonze bwanji kuti pasakhale chipwirikiti?

Mkanda

Achimwene, yambani ndi atatu basi. Snorri Sturluson wa ku Iceland, polemba buku la Ynglinga saga m'zaka za m'ma 1200, anatchula nsembe zitatu: poyamba nyengo yozizira kupempha chaka chabwino, pakati pa nyengoyo kupempha zokolola, ndi poyamba nyengo yotentha kupempha chipambano. Kalendala ya masiku 8 ija inachokera kwa a zipembedzo zina, a Wicca ndi a Druid, m'ma 1950. Sikuti ndi yoletsedwa, koma gulu la anthu 7 ogwira ntchito mashifiti silingaikwanitse. Phwando lachitatu limapeza anthu awiri okha, kenako gulu lazilala.

Onani a Ásatrúarfélagið, bungwe la chipembedzochi ku Iceland, amene anayamba mu 1972 ndipo boma linawavomereza mu 1973. Ngakhale ali ndi mamembala masauzande, maphwando awo akuluakulu ndi anayi: Jólablót mu Disembala, Sigurblót tsiku loyamba la nyengo yotentha, lomwe ndi Lachinayi la pakati pa 19 ndi 25 Epulo, Þingblót ku Þingvellir mu Juni, ndi Veturnáttablót kumapeto kwa Okutobala. Lembani masiku a chaka chonse pa msonkhano umodzi, anthu apemphetu tchuthi kuntchito.

Namadzi

Za blót, zofunika ndi nyanga yomwera (ya ng'ombe, osati nyanga zija za kwa asing'anga), mbale yamtengo, kanthambi kamasamba ndi chakumwa. Amene akudziwa kuthira nsembe pakachisi sangadabwe kwambiri, ngakhale milungu ndi mawu ake n'zina.

Mmodzi amatsegula potchula chifukwa chimene mwasonkhanira ndi mulungu amene mukumuitana. Mulungu mmodzi yekha kapena milungu iwiri, musaitane mtundu wonse wa ku Asgard, kwawo kwa milunguyi. Wina amadzaza nyanga n'kuiyendetsa mozungulira. Aliyense amalankhula mawu ochepa, amamwa pang'ono, gulu n'kuvomera kuti "hail". Zotsala amazithira m'mbale, wotsogolera amaviika kanthambi n'kuwaza anthu, kenako mbaleyo amakaikhuthulira pansi, patsinde pa mtengo kapena pamwala. Mphindi 20 zakwana. Mukapitirira pamenepo panja mu Okutobala, anthu amangoganiza za zala zawo. Mwambo ukatha, chakudya.

Zimene zimalakwika kawirikawiri: nyanga ikaloza nsonga m'mwamba pomwa, mpweya umalowa mwadzidzidzi chakumwa n'kukukhavukirani kumaso, choncho nsonga iloze pansi kapena chammbali. Nyanga yopakidwa phula la njuchi mkati musaithire zotentha, phulalo limasungunuka. Ikani madzi a maapozi pambali, chifukwa pali oyendetsa galimoto, oyembekezera ndi amene anasiya mowa. Wosafuna kumwera pamodzi akhoza kungokweza nyanga kapena kuthirako m'kapu yake.

Ngati mukufula nokha mowa wa uchi uja amati mead: uchi makilogalamu 1.4, madzi mpaka botolo la malita 4.5 lidzaze, yisiti ya vinyo, ndi chakudya cha yisiti chogula kusitolo ya zofulira, chifukwa uchi paokha ulibe zokwanira ndipo mowa umaima panjira. Tsekani ndi kachipangizo kotulutsa mpweya. Umawira milungu 4 mpaka 6, ndipo umakoma ukakhala miyezi ingapo. Mukauthira m'mabotolo usanathe kuwira, amaphulika. Wa Yule, phwando la pakati pa nyengo yozizira, fulani mu Ogasiti.

Tsabola

A Mkanda anena zoona, koma tsiku la Yule lokha limakanganitsa anthu, ndiye gwirizanani msanga. Ambiri amachita pa 21 kapena 22 Disembala, usiku wautali kwambiri. Ena amawerengera mwezi wakumwamba: amadikira mwezi watsopano woyamba tsiku limenelo litadutsa, n'kuchita phwando ukakhala wathunthu, nthawi zambiri mu Januwale. Ali ndi mfundo, poti mbiri imati Mfumu Hákon wa ku Norway ndi amene anasuntha Yule kuti ifanane ndi Khirisimasi. Ine ndingasankhe Januwale pa chifukwa china: Disembala aliyense amakhala kwa abale ake ndipo maholo obwereka amadula.

Amene mukuwerenga muli ku Johannesburg kapena Cape Town, tembenuzani kalendala. Usiku wautali kumeneko ndi wa 21 Juni. Kupempha kuti dzuwa libwerere uku thukuta lili kamukamu mu Disembala n'kosamveka.

Chikho

Maphwando okha samanga gulu. Pakati pake ikani kukumana kamodzi pamwezi pamalo a aliyense, monga m'kafe kapena m'pabu, tsiku losasintha, mwina Loweruka loyamba. Mlendo abwere kumeneko katatu asanaitanidwe kunyumba ya munthu. Mufunseni poyera maganizo ake pa nkhani ya khungu, chifukwa alipo magulu amene amati chipembedzochi n'cha azungu okha. Mabungwe a The Troth, yomwe inayamba ku America mu 1987, ndi Asatru UK amalandira aliyense, ndipo mu 2016 magulu ambiri anasaina chikalata cha Declaration 127 kukana tsankho la bungwe la Asatru Folk Assembly. Lembani mbali yanu papepala limodzi, pamodzi ndi mmene mungachotsere munthu wovuta.

Samalani ndi sumbel, mwambo womwera pamodzi ndi kulankhula mosinthana. Nyanga imazungulira katatu: koyamba milungu, kachiwiri makolo, kachitatu zimene munthu wakwanitsa kapena lumbiro. Lumbiro la pa sumbel limamanga onse amene alimva, ndiye munthu asalumbire atakhuta mowa. Lamulo labwino n'lakuti wofuna kulumbira auze wotsogolera pasadakhale, anene chimene achite, tsiku lomaliza, ndi chimene alipire akalephera. Ndipo chaka choyamba musalumbirirane ubale wa kindred (gulu lokhala ngati banja limodzi). Anthu amasamuka, ena amayambana, lumbiro n'kusanduka msampha.

Ntchito zizisinthana: wolandira alendo, wophika, wosunga ndalama, wotsuka mbale. Ndalama zosonkha zilembedwe pamene aliyense angaone.

Kalulu wa ku Leeds

Zikomo nonse. Tiyamba ndi Okutobala, Januwale ndi Epulo. A Namadzi, nyanga yathu yatsopano ikununkha khola, tiitsuke ndi chiyani?

Namadzi

Madzi ofunda pang'ono, sopo wotsukira mbale ndi kaburashi ka mabotolo, kangapo. Kenako idzazeni mowa wotchipa igone usiku umodzi, m'mawa mutaye, mutsukuluze, iume chozondoka. Musaiike m'makina otsukira mbale, imang'aluka.